Anagwirira makwerero a Slim ndi ndani?

Mumzinda wa London, mumsewu wa Whitehall, kutsogolo kwa likulu la unduna wa zachitetezo, paima chiboliboli cha munthu wovala chipewa chakhonde, chibwano chili patsogolo ngati wina wangomuyankha mwachipongwe. Dzina lake analemba pansi pake: Slim. Mfumukazi Elizabeth ndiyo inavundukula chibolibolicho mu 1990. Mukangokhota pakona n'kulowa mumsewu wa Horse Guards Avenue, mupezanso china, cha msilikali wa Chigurkha ali chilili ndi mfuti yake. Ichi anachivundukula mu Disembala 1997. Pali maina a magulu a nkhondo ndi a malo amene Agurkha anamenyako, koma msilikaliyo alibe dzina. Akuimira onse, choncho sakuimira aliyense.

Funso lathu likuyambira pamenepa. Anthu awiriwa anagona m'matope amodzi, analumidwa ndi udzudzu umodzi, anathawa limodzi ndipo anabwerera limodzi kukagonjetsa mdani. Zinatheka bwanji kuti wina atuluke m'nkhalango za Burma ndi dzina, ulemu ndi mpando m'nyumba ya malamulo ya mabwana, pamene mnzake anatuluka ndi mendulo, tikiti ya sitima ndi mawu oti zikomo kwambiri?

Tisanapite patali tinene mosabisa: William Slim sanali munthu wamba wongokwezedwa chifukwa cha khungu. Amene akufuna nkhani ya Mzungu waulesi wodyera thukuta la ena akaifune kwina, Angerezi otere analipo ambiri. Slim anabadwira ku Bristol mu 1891, nakulira ku Birmingham m'banja losalemera. Ndalama zopitira kusukulu ya akuluakulu a asilikali ku Sandhurst analibe. Anayamba ndi kuphunzitsa ana a amphawi kusukulu ya pulayimale, kenako n'kukhala kalaliki pakampani yopanga mapaipi ya Stewarts & Lloyds. Nkhondo yoyamba yapadziko lonse ndiyo inamutsegulira khomo mu 1914, pamene analowa gulu la Royal Warwickshire Regiment. Mu Ogasiti 1915 chipolopolo chinamuboola ku Gallipoli, m'dziko la Turkey, moti madokotala ankaganiza kuti usilikali wake wathera pomwepo. Anabwerera kunkhondo, nakavulalanso ku Mesopotamia, komwe lero ndi ku Iraq.

Ku Gallipoli komweko n'kumene anaonera Agurkha koyamba akumenya nkhondo, ndipo zimene zinachitika kumeneko n'zofunika kuti tiziyang'anitsitse. Bataliyoni yoyamba ya gulu la 6th Gurkha Rifles inakwera phiri la Sari Bair mpaka pamwamba penipeni, pomwe magulu ena analephera kufika. Pofika nthawi yoti atsike, mabwana onse a Chingerezi a bataliyoniyo anali atafa kapena kuvulala, kupatula dokotala. Amene anatenga ulamuliro ndi kutsitsa anyamatawo mwadongosolo, zipolopolo zili mvumbi, anali Mgurkha, Gambirsing Pun. Udindo wake unali wa subedar-major, pamapeto penipeni pa makwerero amene Mgurkha ankaloledwa kukwera. Ndipo pa malamulo a nthawi imeneyo, munthu ameneyu, ndi imvi zake za usilikali, anali pansi pa kamnyamata kalikonse ka Chingerezi kongotsika kumene sitima ndi nyenyezi imodzi paphewa.

Ndiye tifunse. Ngati Mgurkha anatha kulamula bataliyoni tsiku loipitsitsa, mabwana onse ali gone, n'chiyani chinkamulepheretsa kuilamula tsiku labwino? Nzeru zake zinkabwera pokhapokha Mzungu akagwa?

Slim anachita chidwi ndi anthu amenewa. Nkhondo itatha anasamukira ku gulu lankhondo la India, ndipo mu 1920 analowa bataliyoni yomweyo ya 6th Gurkha Rifles. Chifukwa china chinali ndalama: ku India mkulu wa asilikali wopanda chuma cha makolo ankatha kukhala ndi moyo pa malipiro ake okha. Ngakhale choncho zinkamuvuta, mpaka ankalemba nthano m'magazini pogwiritsa ntchito dzina loti Anthony Mills kuti apezeko kangachepe. Anaphunzira chilankhulo cha asilikali ake. Anapita kusukulu ya akuluakulu a nkhondo ku Quetta, anakaphunzitsa ku Camberley, ndipo mu 1938 anapatsidwa bataliyoni yachiwiri ya 7th Gurkha Rifles. Apa n'kuti ali ndi zaka 47. Akanakhala kuti Hitler ndi Ajapani sanayatse moto, bwenzi atapuma pantchito mwakachetechete, palibe akanamudziwa.

Zaka ziwiri zoyamba za nkhondo yachiwiri tingazidutse mofulumira. Ku Gallabat, m'malire a Sudan ndi Ethiopia, mu Novembala 1940, zinamukanika, ndipo iye mwini analemba pambuyo pake kuti cholakwa chinali chake, anachita mantha pomwe anayenera kulimba mtima. Ndi akuluakulu angati, a nkhondo kaya a ndale, amene munawamvapo akulankhula chomwecho? Mu Januwale 1941 ndege ya Ataliyana inamuwombera kumbuyo, malo osanena pagulu. Atachira anatsogolera gulu la 10th Indian Division ku Iraq, Syria ndi Iran.

Nkhani yeniyeni ikuyamba mu Malichi 1942, pamene anamutumiza ku Burma kukalandira gulu lomwe linali litasweka kale. Rangoon anali atagwa. Angerezi ankanyoza Ajapani kuti ndi tianthu tating'ono tosaona bwino, osadziwa kuti mwamuna mnzako ndi pachulu. Slim anapeza kuti akuluakulu awiri amene ankatsogolera magulu ake, Bruce Scott ndi David Cowan, anali anzake akale a mu 6th Gurkha Rifles momwemo. Atatuwa anatsogolera kuthawa kwa mtunda wa makilomita pafupifupi 1,400 mpaka kukalowa m'dziko la India mu Meyi, mvula itayamba, anthu ali nsanza zokhazokha, malungo ndi kamwazi zili pathupi. M'mbiri ya gulu lankhondo la Britain munalibe kuthawa kwakutali chonchi. Amene ankatsalira kumbuyo kutchinga mdani kuti ena adutse, nthawi zambiri anali Agurkha.

Chimene Slim anachita pakati pa 1942 ndi 1944 ndicho chimamusiyanitsa ndi anzake, ndipo apa tiyenera kumupatsa zake. Atapatsidwa gulu lonse la Fourteenth Army chakumapeto kwa 1943, anazindikira kuti mdani wake wamkulu sanali Mjapani koma udzudzu. Pa msilikali mmodzi aliyense wochotsedwa kunkhondo chifukwa cha bala, ena 120 ankachotsedwa chifukwa cha matenda. Mankhwala a malungo otchedwa mepacrine analipo, koma asilikali ankawataya, chifukwa ankachititsa khungu chikasu ndipo mphekesera inali itafala yoti amapha mphamvu za kuchipinda. Slim sanalimbane ndi asilikali wamba. Analamula kuti magulu aziyezedwa modzidzimutsa, ndipo gulu likapezeka kuti silikumwa mankhwala, wochotsedwa ntchito anali bwana wake. Atatu okha atachotsedwa, otsalawo anamva. Chakudya chikachepa kutsogolo, ankalamula kuti a kulikulu lake nawonso azidya theka, ndipo mwadzidzidzi magalimoto a chakudya ankayamba kuyenda msanga. Nsalu ya maparachuti itasowa anauza amalonda a ku Calcutta kuti asoke ena ndi ulusi wa ziguduli. Ankayendera magulu ake, n'kukwera pa boneti ya jipi, n'kulankhula nawo m'Chingerezi, m'Chiurdu ndi m'Chigurkha. Anawaphunzitsa kuti Mjapani akakuzinga usathawe, khala pomwepo, chakudya ndi zipolopolo zikupeza kuchokera mumlengalenga.

Zipatso zake zinaoneka ku Imphal ndi Kohima pakati pa Malichi ndi Julayi 1944, komwe gulu la General Mutaguchi linasweka n'kubwerera likufera m'njira ndi njala. Zinaonekanso mu 1945, pamene Slim ananamiza General Kimura kuti akulunjika ku Mandalay, koma mwakabisira n'kuwolotsa chigulu china mtsinje wa Irrawaddy kumunsi kukalanda Meiktila, komwe kunali nkhokwe za Ajapani. Pa 1 Meyi Agurkha odumpha pandege anatera ku Elephant Point, pakhomo pa Rangoon, ndipo patangopita masiku ochepa mzindawo unali m'manja mwa Angerezi. Ngakhale pamenepo bwana wake, Oliver Leese, anayesa kumuchotsa paudindo. Mkwiyo wa asilikali ndi wa akuluakulu ku London unachititsa kuti wochoka akhale Leese yemweyo.

Asilikali ake ankamutcha Uncle Bill, ndiye kuti amalume. Dzinali sitingalidutse ife a kuno, chifukwa kwathu malume si munthu wongokusekerera n'kukusisita pamutu. Malume ndi mwinimbumba. Ukadwala amathamanga, mlandu ukakugwera amakaima pabwalo, munda wako wina akafuna kulanda amatulutsa mawu. Umalume suthera pa tsiku la chikondwerero. Ndiye mbumba ya amalume amenewa inatani nkhondo itatha?

Tiyambe ndi amalumewo. Mu Disembala 1944 anawapatsa ulemu wa Sir pabwalo la ku Imphal. Mu 1948 Slim anakhala mkulu wa gulu lonse lankhondo la Britain, munthu woyamba wochokera ku gulu la India kukhala pampandowo, ndipo chaka chotsatira anafika pa udindo wa Field Marshal, womwe pamwamba pake palibenso wina. Kuyambira 1953 mpaka 1960 anali bwanamkubwa woimira Mfumukazi ku Australia. Buku lake la Defeat into Victory, lomwe linatuluka mu 1956, amaliwerengabe m'masukulu a asilikali. Anamwalira mu Disembala 1970 ali Viscount. Kalaliki wa pakampani ya mapaipi anakwera makwerero onse mpaka kumapeto, ndipo Angerezi amanyadira nkhaniyi ngati umboni woti kwawo munthu amakwera ndi luso lake.

Luso la ndani? Makwerero amenewa anali otsegukira aliyense?

Taonani mbumba. Pa 23 Juni 1944, ku Mogaung, Tulbahadur Pun wa 6th Gurkha Rifles, gulu lenileni la Slim, ataona kuti anzake onse agwa, anatola mfuti yachiwaya nathamanga yekha m'matope kukalanda nyumba imene Ajapani anabisalamo. Analandira Victoria Cross, mendulo yapamwamba kuposa zonse m'dziko la Britain. Mu 2007, ali nkhalamba ya zaka zoposa 80, maso akuchita khungu, anapempha chilolezo chokakhala ku Britain kuti akalandire chithandizo cha kuchipatala. Ofesi yoona za olowa m'dzikomo inamukaniza. Chifukwa chake? Akuti sanaonetse kuti ali ndi ubale wolimba ndi dziko la Britain. Anthu atakwiya boma linasintha maganizo, koma mawu aja anali atalembedwa kale. Munthu angaonetse ubale wolimba motani kuposa kuthamangira kukamwa kwa mfuti chifukwa cha mfumu ya eni ake? Ankafuna abweretse chiyani, risiti?

Lachhiman Gurung wa 8th Gurkha Rifles, mu Meyi 1945 ku Taungdaw, anatola mabomba awiri amene Ajapani anamuponyera m'dzenje n'kuwabwezera. Lachitatu linamuphulikira m'manja, n'kumuchotsa zala za dzanja lamanja ndi kumuwononga diso. Kwa maola anayi anamenya yekha ndi dzanja lamanzere. Kutacha, patsogolo pa dzenje lake anawerengapo mitembo 31. Nayenso analandira Victoria Cross, nabwerera kukalima kamunda kake m'mapiri a Nepal ndi dzanja limodzi. Mu ukalamba wake anthu anamuona ali pa njinga ya olumala kunja kwa khoti ku London, akupempha kuti anzake aloledwe kukhala m'dziko limene analimenyera nkhondo.

Awa ndi amene ali ndi maina, chifukwa cha mendulo. Anzawo masauzande ambiri anangouzidwa kuti nkhondo yatha, pitani kwanu. Penshoni ya Mgurkha inkafuna zaka 15 za ntchito, ndipo ambiri amene analembedwa chifukwa cha nkhondo sanazikwanitse. Mu Novembala 1947, India atalandira ufulu, mayiko a Britain, India ndi Nepal anagawana Agurkha: magulu anayi, la 2, la 6, la 7 ndi la 10, anapita kwa Angerezi, otsalawo anakhala ku India. Pangano limenelo linamangirira malipiro ndi penshoni ya Mgurkha wa Britain ku mlingo wa India. Ndiye kuti yunifolomu ya Mfumu, lumbiro la Mfumu, chipolopolo chofanana, koma malipiro a dziko losauka. Slim anakhala pampando waukulu chaka chimodzi chokha pambuyo pa panganoli, nakhalapo zaka zinayi, nthawi yomwe Agurkha ankasakasaka zigawenga m'nkhalango za Malaya. Dongosolo lija analipeza, analisiya, ndipo linakhalapobe zaka makumi angapo iye atapita. Munthu amene anatha kuchotsa mabwana atatu chifukwa cha piritsi la malungo, analibe mawu pa nkhani ya penshoni? Kapena kwa iye, monga kwa anzake onse a nthawi imeneyo, kusiyana kumeneku kunali ngati kutuluka kwa dzuwa, chinthu chosafunsa?

Mabwana a Agurkha ankawakonda anthu awo, izi sitikukana. Walter Walker, amene ankalamula bataliyoni ya Lachhiman Gurung ku Burma, atamva chakumayambiriro kwa zaka za m'ma 1960 kuti boma likufuna kuchepetsa Agurkha, anakadandaula mpaka kwa Mfumu ya Nepal, ndipo anatsala pang'ono kuzengedwa mlandu wa usilikali. Koma nkhondo ya ku Borneo, imene Walker yemweyo anaitsogolera, itangotha mu 1966, chikwanje chinagwa ndithu. Masauzande anabwezedwa kwawo, ambiri opanda penshoni, mpaka mabwana akalewo anayambitsa thumba lachifundo la Gurkha Welfare Trust mu 1969. Tamvani bwino: thumba lachifundo. Msilikali wa boma lolemera akakalamba azidya za mbale yopemphetsa? Chimene chinayenera kukhala ngongole chinasanduka mphatso, ndipo wolandira mphatso amawomba m'manja, safunsa kuti yachepa bwanji.

Pali mtundu wina wa chiyamikiro umene uli ngati kupaka munthu wanjala mafuta pamilomo. Angerezi akhala akuimba za Mgurkha kwa zaka zoposa 200, kuyambira pamene anamenyana ndi Nepal mu 1814 mpaka 1816 n'kuona kuti mdani uyu ndi bwino kumulemba ntchito. Amati ndi wolimba mtima, wokhulupirika, wosekerera, sadandaula. Amasimba za mpeni wake wokhota, khukuri. Akatswiri awo anafika polemba mabuku osanja mitundu ya anthu, kuti uwu ndi wankhondo, uwu ndi wamantha, ndipo Agurung, Amagar, Arai ndi Alimbu a m'mapiri anawaika pamwamba. Koma onani mawu amene amasankhidwa. Wokhulupirika kwa ndani? Sadandaula chifukwa alibe dandaulo, kapena chifukwa wodandaula amabwezedwa kumudzi? Chiyamikiro chotere ndi chomwe munthu amapereka kwa galu wake wosaka, osati kwa mnzake wofanana naye. Ndipo kukhulupirika kopanda funso kuli ndi mbali yake yamdima. Pa 13 Epulo 1919, ku Amritsar, General Dyer atalamula kuti khamu la anthu opanda zida liwomberedwe m'bwalo la Jallianwala Bagh, ena mwa amene anakoka mfuti anali Agurkha. Atsamunda ankadziwa phindu la msilikali wochokera kutali, wosalankhula chinenero cha anthu amene akuwalozetsa mfuti.

Ena adzati nkhaniyi ndi ya Angerezi ndi anthu a ku Nepal, ife ikutikhudza pati? Ikutikhudza pa agogo athu. Gulu la Slim, lomwe eni ake ankalitcha gulu loiwalika, silinali la Azungu. Ambiri anali Amwenye ndi Agurkha, ndipo munali Aafirika pafupifupi 90,000, ochokera kumadzulo ndi kummawa kwa Africa. Pakati pawo panali asilikali a Keyala, King's African Rifles, ochokera ku Nyasaland, pamodzi ndi anzawo a Northern Rhodesia Regiment. Ajapani atasweka ku Imphal, Slim anafuna kuwathamangitsa m'nyengo yamvula, nthawi imene magulu ankhondo kumeneko ankapuma. Njira inali kudutsa chigwa cha Kabaw, chodziwika ndi malungo ndi matenda a nthata, moti asilikali ankachitcha chigwa cha imfa. Anatumizako ndani? Gulu la 11th East African Division, pokhulupirira kuti munthu wakuda malungo samugwira kwambiri. Kuyambira Ogasiti 1944 anyamata a ku Zomba, Mulanje, Dedza ndi Mzimba, pamodzi ndi a ku Uganda, Kenya ndi Tanganyika, anasambira matope amenewo, akulambula msewu ndi manja, akumenyana ndi Ajapani pa kaphiri kalikonse, mpaka analanda Kalewa kumayambiriro kwa Disembala n'kuwoloka mtsinje wa Chindwin. Khomo limene Slim analowera popita ku Mandalay ndi Meiktila analitsegula ndi iwowa.

Analandira chiyani? M'gulu la Keyala munthu wakuda sankaloledwa kukhala ofisala, ngakhale akhale wanzeru chotani. Ndalama ya zikomo ya pamapeto pa nkhondo inkawerengedwa potengera khungu: msilikali wamba wachizungu ankalandira mashiling'i 10 pa mwezi uliwonse umene anatumikira, wakuda mashiling'i atatu ndi theka. Izi zili m'mapepala a boma la Britain lomwelo. Mgurkha mwina anapezako chiboliboli chopanda dzina ndi anthu omuimbira nyimbo. Msilikali wa Keyala wa ku Burma ngakhale nyimboyo sanaipeze. Ku Zomba, malo a asilikali amatchedwa Cobbe Barracks, kukumbukira Alexander Cobbe, Mngerezi winanso wa gulu la India amene analandira Victoria Cross mu 1902 ku Somaliland akutsogolera asilikali a kuno. Asilikali amene anali naye tsiku limenelo, ndani angatchule dzina la mmodzi yekha?

Boma la Britain lili ndi yankho lake pa nkhani ya Agurkha, ndipo n'koyenera kulimva. Limati Mgurkha ankayamba kulandira penshoni atangotha zaka 15, ali mnyamata, pamene Mngerezi wa nthawi imeneyo ankafunika zaka 22. Limati ndalamayo inawerengedwa kuti munthu akadyere ku Nepal, komwe zinthu n'zotchipa. Makhoti anavomereza mfundo imeneyi, ngakhale khoti la ku Ulaya loona za ufulu wa anthu mu 2016. Limatinso palibe amene amakakamizidwa: chaka ndi chaka anyamata masauzande amakhamukira ku Pokhara kukapikisana pa malo mazana ochepa, akuthamanga chokwera phiri ndi dengu lolemera kumsana. Zonsezi n'zoona. Koma kodi mzere wautali pakhomo la olemba ntchito ndi umboni woti malipiro ndi achilungamo, kapena ndi umboni woti kumudzi kuli njala? Eni minda ya tiyi ndi eni migodi ya ku Joni ankanenanso chimodzimodzi, kuti taonani, akubwera okha. Ndipo ngati mtengo wa munthu uyenera kutsika chifukwa kwawo zinthu n'zotchipa, bwanji mtengo wa chipolopolo chimene chimamupha sutsika?

Funso limeneli linayankhidwa ku Kosovo mu Juni 1999. Sajeni Balaram Rai anafa pamodzi ndi bwana wake wa Chingerezi pamene ankachotsa mabomba pasukulu ina. Bomba limodzi, mphindi imodzi, mitembo iwiri. Zitadziwika kuti mkazi wa Rai alandira chipepeso chochepa kwambiri poyerekeza ndi chimene banja la msilikali wa Chingerezi wa udindo womwewo likanalandira, manyazi anagwira boma ndipo linakweza ndalamazo. Mu 2007 linavomera kuti penshoni zifanane, koma pa zaka zokhazo zimene munthu anatumikira kuyambira pa 1 Julayi 1997, pamene likulu la Agurkha linachoka ku Hong Kong kupita ku Britain. Chaka chomwecho chimene anavundukula chiboliboli chopanda dzina chija ndicho anachisandutsa mpanda: wa mbali iyi ndi msilikali wathunthu, wa mbali iyo ndi theka. Ufulu wokhala ku Britain kwa amene anapuma 1997 isanafike unabwera mu Meyi 2009, boma la Gordon Brown litagonja pa voti m'nyumba ya malamulo ndi mavoti 267 kwa 246. Ndipo amene anagwedeza dziko kuti zimenezi zitheke anali mayi Joanna Lumley, katswiri wa zisudzo, mwana wa Mngerezi amene anali bwana mu 6th Gurkha Rifles. Tiwayamike mayiwa, anagwira ntchito. Koma n'chifukwa chiyani nkhalamba za mendulo pachifuwa zinafunika nkhope yodziwika ya pa kanema kuti zimvedwe? Mu Ogasiti 2021 Agurkha atatu, mmodzi mwa iwo mayi wamasiye, anakhala masiku 13 osadya kunja kwa Downing Street chifukwa cha penshoni yomweyo. Kuchoka pomwe anagona kufika pa chiboliboli cha Slim ndi mtunda wongowoloka msewu.

Palinso nkhani ina imene okonda Slim safuna kuimva. Kuyambira mu 2007, amuna ena amene anakulira pasukulu ya ana otumizidwa kuchokera ku Britain ya Fairbridge, ku Molong m'dziko la Australia, ananena poyera kuti Slim ankawagwiragwira mosayenera akabwera kudzayendera sukuluyo ali bwanamkubwa. Banja lake linakana, mwini wake anali atamwalira kale, ndipo nkhaniyi sinaweruzidwepo m'khoti. Ife sitingagamule. Chimene chikudziwika n'chakuti mu 2019 akuluakulu a mzinda wa Canberra anagamula zochotsa dzina lake pa msewu wina. Tikuitchula chifukwa ikukhudza funso lomwe lija: munthu wamng'ono akalankhula za munthu wamkulu, zimatenga zaka zingati kuti wina atchere khutu?

Lero Amalawi ndi Azambia ena akutumikira m'gulu lankhondo la Britain, limodzi ndi anyamata a ku Fiji, Ghana ndi Nepal. Malipiro tsopano ndi ofanana, ndipo Mgurkha angathe kukhala ofisala wathunthu. Komabe mpaka mu 2022, msilikali wochokera kunja akamaliza ntchito ankayenera kulipira mapaundi oposa 2,000 kuti apemphe chilolezo chokhala m'dziko limene analitumikira. Anachotsa ndalamayo kwa amene atumikira zaka zisanu ndi chimodzi, patakhalanso phokoso. Mwaona kayendedwe kake? Palibe chimene chinaperekedwa chifukwa wina muofesi anadzuka m'mawa chikumbumtima chikumupweteka. Chilichonse chinachita kulandidwa, mochedwa, eni ake ambiri atagona kale kumanda. Kodi kuchedwaku ndi ulesi wa m'maofesi, kapena ndi masamu, poti chaka chilichonse chikadutsa olipidwa amachepa?

Chigamulo chathu pa Slim ndi ichi. Anali mkulu wankhondo waluso kuposa ambiri a m'badwo wake, anasamala miyoyo ya asilikali ake pankhondo kuposa mmene mwambo wa nthawiyo unkafunira, ndipo chiboliboli chake sitikuti chigwetsedwe. Koma mbiri yake ikamasimbidwa ngati ya munthu amene anakwera yekha, ndi bodza la theka. Makwerero aja anali ndi anthu pansi, atawagwirira ndi manja awiri, ena ndi dzanja limodzi, ndipo lamulo linkawaletsa kupondapo.

Mwezi wa Novembala ukubwera, akuluakulu adzavala maluwa ofiira pachifuwa, nadzaika nkhata pa chipilala cha ku Zomba ndi cha ku Lilongwe, kazembe wa Britain ali pomwepo. Lipenga likadzatha kulira, mtolankhani mmodzi adzaimike dzanja n'kufunsa za mashiling'i asanu ndi limodzi ndi theka aja amene anatsala pa mwezi uliwonse. Ndipo inu amene kwanu kuli chithunzi chakale cha agogo atavala chipewa cha Keyala, chitembenuzeni lero, mulembe kumbuyo kwake dzina lawo lonse, mudzi wawo, ndi mawu oti Burma, 1944.